Nkhuku Yanga Yoikira Mazira Owiritsa

Ine ndi amene ndinaphunzitsa abakha kusambira. Chabwino, limenelo ndi bodza, koma mabodza otere andidyetsa bwino m'banja mwathu zaka zonsezi. Tikakumana kwa mchemwali wanga Lamlungu masana, mpando wa pazenera unali wanga, chiwindi cha nkhuku chinali changa, ndipo ndikangotsokomola ngakhale masupuni ankaima kuti amve.

Kenako mwana wa mchemwali wangayo anakwatiwa ndi Wamazira.

Wamazira ndi munthu woonda moti akaima chammbali mumamufunafuna. Amayendetsa kagalimoto kogawa mazira m'magolosale. Amadzuka tambala asanaganize zolira, n'kuyamba kusanja mathireyi. Dzira laling'ono kapena lopindika, limene ogula angalikane, amalilemba kamtanda ndi pensulo yomwe amapana kukhutu, n'kuliika pambali kuti adzagawire abale. Wailesi ya m'galimotomo saizimitsa, ndipo m'menemo ndi momwe amatola nkhani zake.

Chondipweteka n'chakuti nkhani zakezo ndi zoona. Tsiku loyamba, ine ndili mkati mofotokoza za mbuzi yanga imene inkawerenga nyuzipepala, iye anangoponyapo kuti ng'ombe ilibe mano akutsogolo a m'mwamba. Makosi onse anatembenukira kwa iye, mbuzi yanga n'kufera panjira. Mlungu wotsatira anati uchi ukasungidwa bwino suwola, komanso mawu akuti nsapato tinabwereka kwa Apwitikizi. Mlamu wanga, amene wakhala akuseka nthabwala zanga kuyambira ali ndi tsitsi, anavula nsapato n'kumaiyang'ana ngati mlendo wochokera kutali. Tsiku lomwelo chiwindi chinandilumpha n'kukatera m'mbale ya mkamwini. Ndinameza malovu, mtima ukuwira ngati ketulo.

Ndinalumbira kuti ndimugwetsera pa mazira ake omwewo. Lamlungu linalo ndinatenga dzira kukhitchini kwanga mayi a kunyumba asakuona, n'kuliwiritsa, n'kuliponya m'thumba la jekete.

Tili pakudya, Wamazira anayamba zake: ati dzira latsopano limamira m'madzi, lokhalitsa limayandama. Ndinamusiya amalize. Kenako ndinatsokomola n'kunena kuti zimenezo n'za ana a sukulu, ine ndili ndi nkhuku imene ndimaimwetsa tiyi wotentha m'mawa uliwonse, ndipo imaikira mazira owiritsawiritsa. Anthu ataseka, ndinatulutsa dzira lija, kuligogoda patebulo, kulisenda, n'kulidula pakati. Mlamu anaomba m'manja. Ndinaonjezera kuti ndikaithirira mchere m'tiyimo, dzira limatuluka lothira kale. Mchemwali wanga, misozi ya kuseka ili m'masaya, anatola chiwindi ndi supuni n'kuyamba kulunjika nacho kwa ine.

Wamazira sanaseke. Ankatolera makoko patebulopo mwaulemu, monga achitira mkamwini woleredwa bwino, mpaka anaima pa khoko lina n'kulitembenuza.

"Malume, nkhuku yanuyi ndi yophunzira kwambiri," anatero.

Ndinavomera kuti inde, inatengera mwini wake.

"Chifukwa ikaikira, imalembanso kamtanda ndi pensulo yanga. Dzira ili ndi la m'thireyi ija ndinawasiyira amayi kunyumba kwanu Lachisanu."

Supuni ya mchemwali wanga inaima m'malere, kenako inakhota.