Payipi ya Hita

Galimoto ija inali yokalamba kale pamene mwini sitolo amene ndinkamuyendetsera anandisiyira pochoka m'dziko muno. Nkhondo itafika kunyanja, inangokhala pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Msumba, nkhuku zikuikira mazira pampando. Petulo ndinali naye m'chigubu chimodzi, ndikumusungira tsiku lovuta.

Tsikulo linafika nyengo yachisanu. Mkazi wanga anayamba kutupa miyendo, mpweya ukumuchepera. Kuchipatala cha pamishoni mankhwala kunalibe, ndipo namwino anati ndipite naye ku Metangula. Panyanja mwera unali utalusa, ngalawa sizinkayenda.

Nditaliza injini, madzi anayamba kuchucha pansi. Payipi ya labala yopititsa madzi otentha ku hita, chofunditsira m'galimoto, inali itang'ambika, ndipo timphete tachitsulo toimangira tinali titadyedwa ndi dzimbiri. Sindinade nkhawa. Kunyanja kuno hita ndi ya chiyani? Ndinaganiza zodula pong'ambikapo, kupinda chotsalacho kuti madzi azingobwerera mu injini, n'kumanga ndi waya. Msewu wa ku Metangula ndi waufupi, ulibe phiri lalikulu.

Alamu anga, achimwene a mkazi wanga, anandipeza mpeni uli m'manja.

"Alamu, galimoto mukufuna kuizinga ngati nkhuku?"

"Ndikungofuna ifike ku Metangula."

"Waya ameneyo adzamasuka panjira. Ikani mpeni pansi, ndikudziwa kokapeza payipi."

M'mawa mwake anabwera nayo, yooneka ngati yatsopano, pamodzi ndi timphete tonyezimira. Kumene anaitenga sindinafunse. Tinakhetsera madzi mu ndowa. Payipi yakale inali itakakamira pachitsulo, mpaka tinachita kuing'amba m'litali mwake. Dzimbiri tinapala ndi mchenga pakansalu. Kuti yatsopano ilowe, tinapaka kasopo kamene mkazi wanga ankasungira Lamulungu. Ine ndinalowetsa timphete, iwo akukankha payipi, kenako ndinamanga pang'onopang'ono kuopa kudula labala. Titathira madzi n'kuliza injini, palibe dontho linagwa.

Alamu analowa mkati n'kuika dzanja potulukira mpweya. "Imvani kufunda kwake. Mlongo wanga sazizidwa."

"Ku Metangula munthu n'kuzizidwa?"

"Wodwala amazizidwa paliponse, alamu."

Madzulo a tsikulo ndinawatchula m'pemphero, ndikuthokoza Mulungu pondipatsa m'bale wotere. Tinapangana kunyamuka Lolemba, tsiku limene asilikali ankalola anthu kudutsa.

Lamulungu ndinapita kutchalitchi, makiyi ndinasiyira mkazi wanga. Tili pakati pa salimo ndinamva injini, ndipo ndinaizindikira monga munthu amazindikirira chifuwa cha mwana wake. Ndinati m'mtima, alamu akuiyesa, n'kupitiriza kuimba.

Pobwera ndinapeza mikwasa ya matayala pansi pa mango. Chigubu cha petulo panalibe.

"Achimwene anati akukayesa mabuleki," anatero mkazi wanga ali pamphasa. "Abwera posachedwa."

Mayi woyandikana nafe ndiye anandiitanira kuseri. Anati alamu anakweza akazi awo, ana, makina osokera ndi matumba a usipa, akuthamangira mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, wokwera ku Lichinga kudzera ku Maniamba. Ndinakhala pamuzu wa mango, ndipo pamenepo m'pamene ndinamvetsa za hita. Waya wanga akanafika ku Metangula. Phiri la msewu wa ku Lichinga ndi chisanu cha kumtunda ndizo zinkafuna payipi yatsopano. Pamene ankagwada nane mumchenga, manja athu akugundana mu injini, ulendo wawo anali ataudziwa kale.

Tinadikira mpaka mwera unaleka, ndipo ndinapita naye mkazi wanga ku Metangula pangalawa. Anamwalira m'chipatala mvula isanagwe. Sindinena kuti galimoto ikanamupulumutsa, zimenezo adziwa ndi Mulungu. M'chipatalamo iye sanawatchulenso achimwene ake, koma injini iliyonse ikalira panja pa chipatala ankatembenuzira mutu kukhomo.

Nkhondo itatha alamu anabwerera, imvi zili mbuu. Tinakumana pakhomo la tchalitchi. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, ine ndikudikira kuti afunse za manda.

"Alamu," anatero, "payipi ija munaimanga bwino. Ngakhale pokwera phiri sinadonthe."

"Tinamanga tonse," ndinayankha.

Kenako ndinawalozera kumene mlongo wawo anagona, kuseri kwa mtengo wa mlambe. Njira yake ndi yosasokoneza, choncho sindinawaperekeze.