Khadi la m'jekete la a Kenan Msowoya

Tsiku limene thirakitala ya pasikimu inalira kuti phuu! kupaipi ya utsi, anthu onse m'minda ya mpunga ku Wovwe anangocheuka n'kupitiriza kuwokera. A Kenan Msowoya okha ndiwo anataya mbande uko, n'kudziponya mungalande chamutu. Madzi ake ofika m'maondo basi, koma iwo anagona chafufumimba, manja kumutu, mpaka azimayi awiri anawavuula ngati thumba la feteleza logwa pangolo. Atatuluka, jekete lawo lakuda likuchucha, anafotokoza mwaulemu kuti ankaona ngati ngalandeyo ikufunika kukumbanso.

Anthu anaseka, koma osati kwambiri, chifukwa nkhani ya jeketelo amaidziwa.

A Kenan anali telala. Mu 1973 anasiya akazi awo a Eliness, omwe pamudzi timangoti a NyaGondwe, ali ndi mwana wawo Towera kumbuyo, n'kuwoloka Songwe kukafuna ntchito ku Tanzania. Anayenda mpaka ku Bukoba, kufupi ndi malire a Uganda, n'kukhazika makina pakhonde la sitolo ya mwenye wina. Masiku amenewo Malawi ndi Tanzania ankayang'anizana ndi diso lofiira. Mmalawi kumeneko ankamuyesa kazitape, ndipo wobwerako kuno ankamuyesa chigawenga. Ndiye a Kenan anadziikira malamulo awoawo. Chitumbuka anachitsekera m'mimba, akumauza aliyense m'Chiswahili kuti kwawo ndi ku Kyela. Kalata kumudzi sanalembe ngakhale imodzi, poti sitampa ya ku Tanzania ikanaitanira akazi awo mafunso. Koma luso lawo lonse linathera pa khadi la chipani. Kulitaya sakanatha: munthu wopanda khadi kuno sankalowa mumsika kapena kukwera basi. Kupezeka nalo uko kunali kudzipha. Choncho analisokerera m'kati mwa jekete, pansi pa thumba, ndi msoko woti ngakhale telala mnzawo sakanauona. Kuyambira pamenepo jekete silinachokenso pathupi, ndipo silinachapidwepo.

Mu 1978 wailesi inayamba kunena kuti asilikali a Uganda aunjikana m'malire. Anthu anauzidwa kukumba maenje obisalamo. A Kenan lawo analiyeza ndi tepi ya utelala, mlitali ndi mlifupi, kuti likhale la saizi yawo. Ndege ikangolira, ankasiya buluku la munthu mwendo umodzi n'kudumphiramo. Kutopa kwake sikunali kwa kuthamangako ayi. Kunali kwakuti mizinga ikagunda anzawo ankakuwa m'zilankhulo za amayi awo, pomwe iwo ankayenera kukumbukira kukuwa m'Chiswahili.

Mwenye atatseka sitolo, a Kenan anasiya makina n'kuuyamba wobwerera. Sitima yapamadzi, sitima yapamtunda, malole, ena a makala ena a nthochi. Paliponse asilikali ankafufuza m'matumba, khadi lili phee pamtima. Patatha milungu itatu anawoloka Songwe pamalo opanda anthu, madzi ofika m'khwapa, akuthokoza Mulungu m'Chitumbuka mokweza koyamba pa zaka zisanu.

Pamsika woyamba wa kuno, amuna a chipani a malaya ofiira anawaimitsa.

"Madala, khadi."

A Kenan anamwetulira. Mphindi imeneyi anaidikira zaka zonsezi. Anapempha lezala, n'kuyamba kusomola msoko pang'onopang'ono, anthu atazungulira. Chimene chinatuluka chinali kanthu kofewa ngati chinangwa chovuula kumene, konunkha thukuta. Chaka chokha ndicho chinkawerengeka.

"Khadi la sevente-firii? Inu simudziwa kuti khadi ndi la chaka ndi chaka? Zaka zisanuzi munali kuti? Ndani amakudyetsani uko?"

Zoti khadi limatha ntchito ankazidziwa bwino, koma mantha a ku Bukoba anazikwirira. Amuna a chipaniwo anawakhazika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi yawo, kudikira galimoto yowatengera kuboma, komwe anthu oganiziridwa ankapita osabwerako msanga.

Mwayi wake, dalaivala wa lole ya mpunga anawazindikira n'kukanena ku Wovwe. M'mawa wa tsiku lachitatu a NyaGondwe anatsika palole yomweyo, chitini cha tiyi kukhwapa. Sanapereke ngakhale moni kwa amuna awo. Anagwada pamaso pa wapampando wa chipani, n'kutsegula chitini, n'kuyala makhadi pachitenje: 1974, 1975, mpaka 1978, onse dzina Kenan Msowoya. Chaka chilichonse ogulitsa makhadi akafika pakhomo ankati mwamuna kaya ali kutali, khadi lake ligulidwe. Mayiwo ankasinja mpunga, kugulitsa, kugula khadi la munthu amene sankadziwa ngati ali moyo.

Wapampando anawerenga, anakanda m'mutu, nati munthu wokhulupirika chonchi sangakhale chigawenga.

Palole, mawu oyamba a NyaGondwe kwa bambo a mwana wawo anali akuti, "Awiske Towera, jekete ili likununkha."

Lero a Kenan alibe makina. Amalima kagawo ka akazi awo pasikimu, ndipo mwana wawo Towera anatha chaka akuwatchula kuti alendo. Jekete analisokanso, ndipo amalivalabe ngakhale dzuwa la Okutobala likung'amba nthaka. Akuti akalivula amamva ngati wina awafunsa kanthu.

Tsiku la ngalande lija, a NyaGondwe anawavula okha amuna awo jeketelo, kulichapa ndi sopo, n'kuliyanika pachingwe. A Kenan anakhala pakhonde atapinda manja pachifuwa, akulondera. A Febby a nyumba yoyandikana anaima pampanda, anayang'ana jekete, anayang'ana mwini wake.

"A Kenan, musatitopetse nalo jeketeli. Silinakupulumutseni ili. Anakupulumutsani ndi mkazi amene simunamulembere ngakhale kalata imodzi."