Tsiku limene Bambo Mendel anaiwala nyimbo

Lachiwiri lapitali ndinathandiza kuimba nyimbo ya Ayuda, ine mwana wa ku Ntcheu wosadziwa ngakhale liwu limodzi la Chiheberi.

Ndimasamalira Bambo Mendel, mkulu wachiyuda wokhala ku Rathmines, dera lina la mumzinda wa Dublin. Ntchito yanga ndi kuwasambitsa, kuwameta ndevu ndi kuwapatsa mankhwala. Moyo wawo wonse akhala akutsogolera mapemphero m'sunagoge. Pali ndakatulo ina ya kulapa imene amaiimba monga momwe agogo awo ankaimbira kwawo ku Lithuania, ndipo akuti mu Dublin muno atsala okha oidziwa mpaka kumapeto. Amuna awiri amene mkuluyu ankawaphunzitsa nyimboyi anapita ku Australia ntchito zomanga zitaima.

Mdzukulu wawo Ruth nayenso ntchito inamuthera. Masana alionse amabwera ndi karekoda kotepera mawu, kujambula agogo ake vesi ndi vesi, kenako n'kukaphunzitsa anzake a kusunagoge.

Tsikulo mkuluyo anafika pakati pa nyimbo n'kuima. Anayambiranso, n'kuimanso pomwepo.

"Yapita, Ruth," anatero. "Zimitsa chinthucho."

"Sindizimitsa, agogo. Tidikira."

Ine ndinali chiimire pakhomo ndi thawulo m'manja. Gawo limenelo ndinkalidziwa, chifukwa kwa zaka ziwiri akhala akuling'ung'udza ndikamawameta. Koma ndinaopa. Mlendo, Mkhristu, angalowerere bwanji pemphero la eni ake? Nditaona mutu wawo ukuwerama, ndinang'ung'udza chapansipansi.

Anatembenuka. "Bwereza, Grace."

Ndinabwereza. Milomo yawo inayamba kutsatira, mawu anabwerera, ndipo anaimba mpaka kumaliza. Ruth ankapukuta misozi ndi dzanja limodzi, linalo litagwiritsa karekoda.

M'basi yopita ku Santry, kumene ndimakhala, ndi momwe manyazi anandigwira.

Mwezi watha tinasonkhana kwa mnzathu amene mayi ake anamwalira kumudzi, iye wosatha kupita kumaliro. Wina anayambitsa nyimbo ya kwathu. Vesi yoyamba tinaimba tonse. Yachiwiri anatsala Mayi Nambewe ndi Mayi Zulu a ku Chipata. Yachitatu amayiwo anaiyamba, koma posowa owavomera anasiya. Wina anatsegula laputopu n'kuika nyimbo yachingerezi, ndipo namfedwayo anatonthozedwa ndi sipika.

Timati nthawi zavuta, aliyense akusaka mashifiti a ntchito. N'zoona, inenso ndikusaka. Koma kodi Ruth zinthu zikumuyendera? Ayuda a kuno ndi ochepa, ambiri ndi okalamba, komabe akana kuti nyimbo yawo ilowe m'manda pamodzi ndi munthu mmodzi. Ife tili ndi ana otiyankha m'Chingerezi, ndipo tikuyembekeza kuti nyimbozi adzazitola kuti? M'basi?

Ndasiya kudandaula. Ndawaimbira foni amayi awiri aja, avomera kubwera kwanga Loweruka lililonse 3 koloko. Iwo aziimba, ine ndizijambula ndi kulemba m'kope, vesi iliyonse, ngakhale imene timaidumpha kutchalitchi. Mayi Zulu andiuziratu kuti ena mwa mawu awo ndi osiyana ndi athu. Tilemba onse. Ana anga azikhalapo, afune asafune. Wobwera kuchokera ku shifiti abwere ndi yunifolomu yake, tiyi alipo.

Inu amene mukuwerenga, nyimbo imene anaimba poika bambo anu mungaiimbe mpaka kumapeto? Ngati simungathe, mukudikira kuti amwalire ndani?