Mafoloko a m'nyumba ya bwana wa mgodi

Ababa, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Ndakwera takisi ku Joni mpaka ku katauni kaja, kukaonanso nyumba ya bwana wa mgodi, ija munagwiramo ukhukhi kalekale, imene pano amaonetsamo zinthu zakale. Tsiku lija tinapita limodzi, tikiti ili m'manja, inu munazungulira kuseri kukagogoda kukhitchini. Ndinachita kukukokani kuti tilowere kumaso. M'chipinda chodyera munayang'ana tebulo n'kupukusa mutu, kenaka munalumpha chingwe chotchingira alendo n'kuyamba kusuntha mafoloko. Mtsikana wotionetsa malo anakuwa kuti za muno sagwira. Inu osacheuka n'komwe: "Mwanawe, foloko imakhala kumanzere. Ine anandimenyerapo mbama zimenezi, m'chipinda mommuno." Ine manyazi, n'kumupepesa mtsikanayo m'Chizulu.

Lero ndapeza mafoloko aja anawabwezera kumanja. Pakhoma pali chithunzi cha bwana, cha dona wake, ngakhale cha galu wawo. Chanu palibe. Ndaima pachingwe paja kanthawi ndithu. Wotionetsa malo atangotembenuka, ndatambasula dzanja n'kukonza foloko imodzi. Sindinapepese aliyense, ababa.