Lichero la amayi pa loboti yathu

Fungo la mphira wa chubu cha njinga limandibwezera ku Pembamoyo, nyengo yachisanu ija ndili m'giredi seveni. Thonje linali litathyoledwa, ndipo ife a kalabu ya sayansi tinkatsalira kusukulu, milomo ili mbuu, tikumanga loboti yoponya timipira m'ndowa. Aphunzitsi athu, a Mbewe, anabweretsa timainjini ndi mabatire. Choponyeracho tinapanga tokha, poti legeni tinakula nayo. Chubu ndinapempha kwa abambo, choncho wokoka mphira ndi kachingwe ndinali ine, nkhope ili pafupi polunjika ndowa.

Tsiku la mpikisano wa masukulu tinapita ku boma pa njinga, loboti itakhala m'lichero la amayi, pansi titayala thonje. Pakhomo pa holo panali mayi wina woyendera makina onse. Anayesa mphamvu ya choponyera chathu, anaona kuti tikazimitsa sichiponya, kenako anagwira mphira uja uli pamtetete.

"Ukaduka uwu, upita kuti?" anatifunsa. "Popanda chotchinga simulowa."

Mtima unandiwawa. Anzathu a masukulu ena anali ndi zotchinga za pulasitiki zonyezimira, ife ngakhale katoni tinalibe. Ndinayang'ana lichero. Amayi anali atanenetsa kuti libwere monga lapitira, poti mtedza unali kudikira kupetedwa. Ndinalivundikira pa mphira, ndinaliboola ndi msomali, n'kulimangirira ndi waya, kusiya mpata wa mpira kutsogolo ndi wa kachingwe kumbuyo. Mayi uja analigwedeza mwamphamvu, nati, "Lowani."

M'holo anthu anaseka, ena akufunsa ngati tabwera kudzapeta. Timipira titayamba kugwera m'ndowa, kuseka kunatha. Kenako ndikukoka kachingwe, mphira unaduka n'kumenya m'kati mwa lichero kuti thwa, penipeni moyang'anizana ndi diso langa. Mpikisano wathu unathera pomwepo. Mayi woyendera uja ananyamula loboti, kuonetsa holo yonse nsungwi zimene zinasweka, ndipo anthu anawomba m'manja. Tsiku limenelo ndinanyada kuposa amene anatenga chikho.

Kunyumba a Mbewe anafotokozera amayi zonse. Amayi anatembenuza lichero lawo, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali, osatchula mabowo. Ine ndinkati andikhululukira chifukwa mwana wawo watchuka ku boma. Lero ndili ndi mwana wanga wokonda legeni, ndipo ndikudziwa kuti amayi ankangoona ngati ndabwera ndi maso onse awiri.