Kukapempha Kuti Yusufu Aonekere ku Khoti

Tinanyamuka ku Bangwe m'mamawa, ine ndi bambo anga. Mchimwene wanga Yusufu, telala wa pakhonde la sitolo, anatengedwa ndi apolisi mvula isanayambe, ndipo chimanga chinafika pomasula tisanamve kumene ali kapena mlandu wake.

Bambo anavala jekete yomwe ankavala ali mesenjala wa khoti nthawi ya atsamunda. Mabatani ankakana, koma iwo anakakamiza.

Basi ya ku Limbe inali yodzaza, nkhuku zili kunsi kwa mipando. Kondakitala analandira matambala athu n'kufunsa, "Kuukwati, madala?"

"Kwa loya," anayankha bambo. Mayi amene tinakhala naye mpando umodzi anatembenukira kuwindo.

Ku Limbe tinagula chinangwa chootcha podikira basi ya m'tauni. Bambo anandinong'oneza kuti, "Azungu aja anali ankhanza, asakunamize munthu. Koma ndinaonapo ndi maso angawa woweruza akulamula apolisi kuti abweretse munthu pamaso pake, anene chimene am'sungira. Apolisiwo atasowa chonena, munthuyo anatuluka, mkazi wake akulira pamasitepe." Ine m'maganizo ndinali nditamuona kale Yusufu akutsika masitepe amenewo, ataonda koma akuseka monga mwa masiku onse.

Dzuwa lili paliwombo tinakwera ku ofesi ya loya, pamwamba pa sitolo ya nsalu. Anamvetsera mpaka bambo atamaliza, kenako anadzuka n'kutseka chitseko.

"Lamulo mukunenalo lilipobe m'mabuku, bambo. Koma mwana wanu am'sunga pa lamulo la chitetezo cha dziko. Akuluakulu akasaina, khoti silifunsanso chifukwa. Atsamundanso zitawavuta ankachita zomwezo."

"Ndiye ndingomuonako basi," anatero bambo. "Ndim'patse ngakhale sopo."

Loya anangoweramitsa mutu.

Pobwerera basi inadutsa pafupi ndi mpanda wa ndende. Bambo anaimirira, n'kumasuzumira mpaka mpandawo utazimiririka. "Mwina ali m'menemuja," anatero chapansipansi.

Tinafika ku Bangwe dzuwa litapendeka. Amayi anali pakhomo, ndipo sanayang'ane ife, ankayang'ana kumbuyo kwathu. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti lamulo likhoza kukhalapo koma osatsegula chitseko cha munthu.

Yusufu anadzatuluka patapita zaka, popanda khoti, popanda womuuza chimene analakwa. Atafika pakhomo, mawu ake oyamba anali ofunsa za bambo. Tinam'tengera kumanda, kukamuonetsa pamene bambo anagona.