Tsiku Limene Maondo Anga Anakana pa Chambe

M'zaka zija za Chitaganya, nditangokwatira kumene, ntchito yanga inali yosenza matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba pa phiri la Chambe kutsikira nawo ku Likhubula. Ocheka ankagwetsa mitengo kumtundako n'kumaicheka ndi sowo padzenje, wina ataima pamwamba pa chipika, wina ali m'munsi. Ife chathu chinali khosi. Unkaika nkhata pamutu, anzako n'kukutwika thabwa, basi uyambepo kutsetsereka, wopanda nsapato, thabwa likuvina pamutu. Anzanga ankasenza limodzi. Ine ndinkasenza awiri. Amene akanandichitira umboni onse anatsogola, ndiye mungondikhulupirira.

Phiri lili ndi malamulo ake, ndipo makolo athu pochokera kwa Apwitikizi anawapeza malamulowo n'kuwasunga. Paphiri sitinkaitanana maina. Ukafuna mnzako unkaimba likhweru, iye n'kuyankha ndi likhweru. Chifunga chikakupeza panjira unkayenera kutula thabwa, kukhalapo, n'kudikira mpaka chitachoka, kaya ukhale pomwepo tsiku lonse. Ndipo ukamva wina akukuitana ndi dzina m'chifungamo, usayankhe, usatsatire, chifukwa munthu wodziwa phiri sangatero. Woitanayo ndi wina.

Ine ndinali nditabatizidwa chaka chomwecho. Chithumwa chimene mayi anga anandimanga m'chiuno ndili mwana ndinachitaya mumtsinje anthu akuona, dzina laubwana ndinalisiya n'kutenga la m'tchalitchi, ndipo malamulo a phiri ndinayamba kuwaseka. Ndinkati Mkhristu saopa chifunga. Kunena zoona, Mulungu ndinamuyesa thabwa lachitatu, loti anthu aone kuti nalonso ndikhoza kulisenza. M'tchalitchi ndikamapemphera ana ankadzidzimuka kutulo, koma pemphero langa lonse linali lomuuza Mulungu zimene ine ndidzamuchitire. Sindikukumbuka kuti ndinamupemphako kanthu kamene ndinkaona kuti sindingakathe ndekha.

Mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga, alamu anga, anali wocheka, wa m'munsi mwa dzenje. Maso awo ankakhala ofiira nthawi zonse chifukwa cha utuchi. Analowa mpingo kale ine ndisanauganizire n'komwe, koma anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo popemphera ankangong'ung'udza m'Chilomwe, osamveka bwino, Mulungu akumutchula kuti Muluku. Malamulo a phiri ankawasunga onse. Ndinkawanyogodola kuti ali ndi mwendo umodzi m'tchalitchi, wina kwa mizimu. Iwo ankangoseka n'kunena kuti kukhala pansi m'chifunga si kupembedza mizimu, n'kuvomera chabe kuti ndiwe munthu. Ine zimenezo zinkalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Tsiku limenelo kunali m'mawa, m'mwezi wa Juni, kukuzizira koopsa. Ndinali nditangofika pamwamba, ndikupinda nkhata yanga, pamene mtengo umodzi wochirikiza chipika unathyoka. Chipika chinagwera m'dzenje n'kuwaphwanya alamu mwendo, m'munsi mwa bondo. Tinachikankha ndi mitengo mpaka tinawasolola. Magazi ankatuluka ngati pozinga mbuzi. Kapitawo wathu, bambo wachikulire amene anakulira paphiri pomwepo, anang'amba malaya ake n'kumanga mwendowo, kenako anatuma anthu kukadula mtengo wa machila ndi kukaitana amuna a kudzenje lina, kutali ndithu, kuti adzathandize kunyamula.

Ine ndinati tikadikira zimenezo munthuyu atifera m'manja. Ndinati ndiwabereka ndekha, ndipo dzuwa lisanafike pamutu tikhala tili pansi. Kapitawo analoza kum'mawa, kumene mitambo ya chiperoni inali itayamba kuunjikana, nati mutu umodzi susenza denga. Ndinamuyankha mwamwano, mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Ndinati amene amaopa mitambo atsale, ine ndili ndi Mulungu. Ndinawabereka alamu ndi bulangete monga mayi aberekera mwana, ndinamanga mfundo pachifuwa, n'kuuyamba ulendo.

Poyamba zonse zinkayenda bwino. Alamu anali opepuka poyerekeza ndi matabwa awiri, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kumva mmene anthu akakambire za ine kumudzi. Taonani uchitsiru wake: munthu akutaya magazi kumsana kwanga, ine ndikukonza mbiri.

Chifunga chinatipeza titangoyamba kutsetsereka pamatanthwe. Sichinabwere pang'onopang'ono ayi. Ndinangoona udzu wa patsogolo panga ukuzimirira, kenako miyala, kenako dzanja langa lomwe nditalitambasula. Mphepo inaleka. Mbalame zinakhala chete. Dziko lonse linangotsala loyera mbuu, lonyowa, lonunkha mkungudza ndi magazi. Ndinkangomva kupuma kwa alamu pakhutu panga ndi madontho akugwa m'tsitsi langa.

"Alamu, tulani. Tikhale pansi," anatero.

"Mapazi angawa amaidziwa njira kuposa maso," ndinayankha.

Apa ndiyenera kufotokoza. Pamatanthwe palibe njira yooneka ngati ya kumunda. Ife osenza matabwa tinkaidziwa ndi zidendene, chifukwa pamene anthu aponda zaka zambiri mwala umasalala, pamene pambali pake pamakhala pokhakhala. Ndiye phazi likamva kusalala umadziwa kuti uli m'njira. Nzeru imeneyi inali isanandinamizepo. Chimene sindinachiganize n'chakuti si mapazi okha amene amasalaza mwala. Madzi nawonso amasalaza, ndipo madzi sapita ku Likhubula podzera njira ya anthu.

Ndinayamba kuimba nyimbo ya m'tchalitchi mokweza, kuti chilichonse chimene chinali m'chifungamo chimve kuti akudutsa ndani. Mawu anga sanapite kulikonse. Zinali ngati ndikuimbira m'bulangete. Nditaimba ndime ziwiri ndinaleka, chifukwa ndinayamba kudziopa ndekha. Mwala unali wosalala bwino pansi pa mapazi anga, koma unali kutsetsereka kwambiri kuposa mmene ndinkaudziwira, ndipo panali ndere, chinthu chimene sichimera popondaponda anthu. Ndinazindikira kuti china chake chalakwika, koma alamu sindinawauze. Ndinangowonjezera liwiro.

Ndi pamene ndinamva kuitana.

Anali mawu a munthu wamkazi, ochokera kutsogolo, cha kumunsi pang'ono. Sanali okuwa. Anali ofatsa, ngati mmene mayi amaitanira mwana amene akumuona ali pabwalo pomwepo. Anatchula dzina langa, osati la paubatizo, koma laubwana lija, la Chilomwe, ndipo analitchula mokoka kumapeto, monga ankachitira mayi anga okha. Mayi anga anali atamwalira chaka cha njala, ndipo ndinawakumbira manda ndi manja angawa.

Chimene chimandiimitsa tsitsi mpaka lero n'chakuti sindinaope. Ndinakondwa. Mtima unangoti myaa, ndipo ndinaganiza kuti njira ili komweko, kwatsala pang'ono. Ndinatembenukira kumene kunkachokera mawuwo. Manja a alamu anandifinya pakhosi, koma ine ndinaponya phazi, n'kuponyanso lina.

Phazi lachitatu silinatheke. Maondo anga anangoti fwaa, ngati wina wadula chingwe, ndipo ndinapezeka nditakhala pansi pamwala wonyowa, alamu akubuula kumsana. Sindinapunthwe, sindinaterereke, palibe chinandimenya. Miyendo inangokana basi. Ndinayesa kudzuka, osatheka. Ndinazimenya ntchafu ndi zibakera, ndinazitukwana. Kenako ndinatembenukira kwa Mulungu ndi ukali womwewo, kumulamula kuti andibwezere mphamvu zanga msangamsanga, ngati kapitawo akukalipira waganyu. Kunali zii.

Magazi a alamu anali atanyowetsa kabudula wanga. Poyamba ndinkawamva kutentha, tsopano anayamba kuzizira. Kupuma kwawo kunali kutalikirana. Apo m'pamene zinandilowa kuti munthuyu akufera pamsana panga, pamalo amene sindikuwadziwa, ndipo ndamubweretsapo ndine. Ndinaganiza za mlongo wawo, mkazi wanga, kuti ndikamuuza chiyani. Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi pamodzi, ine wa matabwa awiri.

Pemphero limene linatuluka pamenepo linali lalifupi, ndipo ngakhale mwana wogona pambali panga sakanadzidzimuka nalo. Ndinati, "Ambuye, ndalephera. Sindikudziwa pamene ndili. Munthuyu ndi wanu, inenso ndine wanu. Chitani Inu."

Mawu aja anaitananso, tsopano pafupi kwambiri, moti ndikanatambasula dzanja ndikanayembekeza kugwira nsalu. Lilime langa linafuna kuyankha lokha. Ndinatseka pakamwa ndi chikhatho n'kuluma chala mpaka ndinamva mchere wa magazi. Sanaitanenso.

Ndinamasula bulangete, ndinawagoneka alamu pamiyendo yanga yakufayo, ndinalimbitsa nsalu ya pabala paja, n'kuwafungatira kuti amveko kutentha. Tinakhala choncho. Sindidziwa kuti inali nthawi yaitali bwanji, chifukwa m'chifunga dzuwa siliyenda. Sindinachite kanthu kalikonse, ndipo chibadwire inali nthawi yanga yoyamba kukhala osachita kanthu pamene zinthu zavuta.

Kenako kamphepo kanaomba, chifunga chinang'ambika pang'ono patsogolo pathu. Ndinaona zala za mapazi anga. Kupitirira apo panali mwala wosalala, wosakwana kutalika kwa thabwa limodzi, ndipo unathera pomwepo. Timadzi tinkayenderera pambali panga n'kukagwera kuphompho popanda phokoso lililonse. Pansi penipeni, kutali, ndinaona minda ya tiyi yobiriwira, dzuwa likuwala bwinobwino, anthu othyola masamba akuoneka ngati nyerere. Kumene kunkachokera mawu kuja kunalibe poti munthu n'kuimapo. Chifunga chinatsekanso.

Amene anatipeza ndi kapitawo ndi amuna asanu. Iwo anadikira pamwamba mpaka chifunga chitapepuka, monga mwa lamulo, kenako anatsika ndi machila akutsata madontho a magazi, mpaka anaona pamene madonthowo anasiyana ndi njira. Tinamva likhweru kumtunda. Ndinayesa kuyankha koma unkangotuluka mpweya wokha. Amene anaimba likhweru ndi alamu, munthu amene ndinkamuyesa watsala madzi amodzi. Linali lofooka, koma analimva.

Anatikoka ndi chingwe. Alamu anawaika m'machila. Ine anandiimiritsa kawiri, kawiri konse ndinagwa, mpaka anadula mtengo wina n'kumangapo bulangete langa lomwe lija. Ndinafika ku Likhubula masana ndithu, ndikulendewera pamapewa a anthu amene ndinkawaseka kuti ndi ofooka, amayi ogulitsa nthochi akusuzumira kuti aone wavulalayo ndani. Kapitawo sanandinene ngakhale liwu limodzi. Bola akanandikalipira.

Miyendo yanga inabwerera yokha patapita masiku awiri, popanda mankhwala. Alamu anapulumuka, koma mwendo uja anakaudula kuchipatala cha mishoni. Ngati ukanapola ndikanadikira machila, palibe anandiuza, ndipo ine sindinalimbe mtima kufunsa. Funso limenelo ndakalamba nalo.

Nditapita kukawaona ndinawapeza atakhala pakhonde la chipatala, akuwothera dzuwa. Ndinapepesa, iwo anangogwedeza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. Kenako ndinawafunsa ngati anamva munthu akuitana paphiri paja. Anati anamva.

"Ndiye munamva akutchula dzina langa laubwana?"

"Iyayi, alamu. Ankatchula langa."

Anati kwa iwo anali mawu a bambo awo, amene anatsala kwa Apwitikizi, ndipo akanakhala ndi miyendo mwina akanapita. Ndinawafunsa chimene ankang'ung'udza kumsana kwanga nthawi yonse ija, chifukwa ndinkamva milomo yawo ikuyenda pakhosi panga. Anandiyang'ana ndi maso awo ofiira aja, akumwetulira pang'ono.

"Ndinakupemphani kuti mukhale pansi, munakana. Ndiye ndinapempha Muluku kuti akulandeni mphamvu, poti n'zimene zinkatipha."

Ndinabwerera kuntchito mwezi wotsatira, ndipo ndinasenza matabwa zaka zina zisanu ndi chimodzi, limodzilimodzi ngati wina aliyense. Chifunga chikandipeza ndinkatula n'kukhala pansi, anyamata atsopano akundiseka kuti mkulu wa mpingo akuopa mizimu. Alamu anakhala zaka zambiri akusoka nsapato pansi pa mtengo wa mango pa Chinakanaka, ndipo ndikamadutsa ankandifunsa, anthu akumva, ngati maondo adzuka bwanji. Nthawi zonse ndinkayankha kuti adzuka ofooka, iwo n'kunena kuti tithokoze Mulungu.